Chinamwali cha M'matenti

Amayi anga anali ndi bodza limodzi limene ankalisamala kuposa mbewu ya chimanga. Bodzalo linali lakuti ine ndinali ndisanakule. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuwaposa, koma aliyense wofunsa ankamuyankha kuti, "Ameneyu ndi kutalika chabe, akadali buthu." Zoona zake, ndinali nditatha msinkhu chaka chapitacho. Kwathu mtsikana akaona zachilendo m'thupi sauza mayi womubala. Amathamangira kwa amayi aakulu kapena kwa azakhali, ndipo iwowo ndi amene amakatsina khutu anamkungwi, amayi oyendetsa chinamwali. Ine ndinasokera njira, ndinauza amayi anga. Iwo anatseka chitseko n'kundiuza kuti nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo. Nsalu zanga tinkayanika kuchipinda, pa chingwe cha kuseri kwa matumba a chimanga.

Chifukwa chake sichinali chovuta kumva. M'mudzi mwathu, pa msewu wochoka ku Insaca kulowera ku Amaramba, mtsikana wosavinidwa safunsiridwa. Mwamuna kaya amusirire chotani, sangatume munthu kwa amalume ake, angamuseke kuti akufuna kukwatira khanda. Koma akangotuluka ku chinamwali, njinga zimayamba kuima pakhomo. Anzanga amene tinkakhala nawo benchi imodzi m'kalasi ndinkakumana nawo pachitsime atabereka ana kumbuyo. Amayi sankafuna zimenezo pa ine. Iwo anakulira ku Malawi pa nthawi yothawa nkhondo, anaphunzirako pang'ono, ndipo atangobwerera kuno anakwatiwa. Sankakamba zambiri za moyo wawo. Ankangoti, "Iwe uzipita ku shikola, zinazo undisiyire ine."

Bambo anali atamwalira, ndipo mwini mbumba anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Sanali munthu woipa. Anali ndi pakamwa pambiri poti adyetse, ndipo kwa iwo mtsikana wamkulu wokhala pakhomo anali ngozi yongodikira tsiku. Chaka chilichonse ng'oma za chinamwali zikayandikira ankafunsa za ine, ndipo chaka chilichonse amayi ankawayankha kuti ndikadali buthu.

Chaka chimenecho kunabwera bungwe lina pasukulu pathu kudzafuna ana oti apite ku msasa wa achinyamata pa feriya, tchuthi chathu cha nthawi ya chilimwe. Ankati tikaphunzire utsogoleri. Aphunzitsi anasankha ine chifukwa cha pakamwa, pakuti ndinali wosagonja pa mtsutso ndipo anyamata ankandizemba. Atabwera kunyumba kudzapempha, amayi anafunsa funso limodzi.

"Kumeneko n'za shikola?"

"N'za shikola, mama," aphunzitsi anayankha. "Mlungu umodzi basi, kenako akubwezerani."

Amayi analola. Iwo, aphunzitsi, ngakhale ine wodziyesa wochenjera, palibe amene anaganiza kuti feriya ndiyo nthawi yomweyo imene atsikana amasowa m'mudzi kupita ku tsimba, kumene amakabindikiritsidwa ndi kulangidwa. Tsoka silinunkha.

Anatitenga pa lole n'kukatitsitsa pamalo ena a mitengo ya masuku, patali ndi msewu, pafupi ndi bango la m'mbali mwa nyanja ya Amaramba. Udzudzu wa kumeneko sufunsa kuti ndiwe mtsogoleri wa mawa. Matenti tinadzutsa tokha, atsikana mbali ino, anyamata kutsidya kwa kakhwawa. Tenti ya gulu lathu inagwa kangapo tisanaidziwe, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anatiphunzitsa kumanga mfundo zosamasuka, kuwoloka khwawa titagwira chingwe, kubzala mitengo, ndi kuyendetsa mnzako m'thengo ndi mawu okha iye atamangidwa nsalu m'maso. Tsiku lina anatisonkhanitsa kuti atisonyeze kukoleza moto, ife amene tinayamba kuphika tisanaguluke mano a ubwana. Tinaonerera mwaulemu.

Wotiyang'anira atsikanafe anali mayi wina wa m'tauni wovala buluku, amene tinkamutchula kuti monitora. Ameneyu anali ndi nkhondo ndi makosi athu. Ankatikweza mmodzimmodzi pa chitsa kuti tilankhule kwa gulu, ndipo ukangoweramitsa mutu monga tinaleredwera, ankakudula mawu.

"Dzutsa mutu, menina, mtsikana iwe. Pansipo wataya singano? Munthu ukamalankhula naye umuyang'ane m'maso."

Tsiku limene ndinakwera pa chitsacho mawu anga anamveka mpaka kutsidya kwa anyamata, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndichepetse pakamwa. Ndinasangalala, sindibisa. Moyo wanga wonse anthu ankandidzudzula pa chinthu chomwecho chimene tsiku limenelo anandiombera nacho m'manja. Mpaka lero ndikakumbukira chitsa chimenecho ndimasowa kuti ndikwiye kapena ndimwetulire.

Masana atsikanafe ankatitengera patokha pansi pa mtengo, amuna osaloledwa kuyandikira. Amayi a bungwelo ankatiuza za m'thupi, za kudzisamala, za kuopsa kotenga mimba udakali wamng'ono. Ankatchula zinthu ndi mayina ake, ife n'kumabisa nkhope m'manja. Pomaliza aliyense anamupatsa kathumba kokhala ndi sopo ndi tinsalu tosokedwa bwino togwiritsa ntchito pa masiku a mwezi. Ndinakalandira ndi manja awiri. Ndinaganiza za chingwe cha kuseri kwa matumba chija, ndipo ndinaona ngati ndapeza chuma.

Tsiku lotseka anaitana makolo. Amayi anali atagona ndi malungo, choncho anatuma amayi aakulu, mkulu wawo, amene chaka ndi chaka ankathandiza anamkungwi ku tsimba. Okonza mwambowo anafuna kuti ukhale wokongola. Anatibisa kuseri kwa matenti, anativeka malaya atsopano ofanana, kenako mnyamata wina anayamba kuimba ng'oma ndipo tinatuluka pa mzere tikuimba. Amayi a m'midzi amene anakhala pa mphasa anayang'anana. Mmodzi anayamba nthungululu, ena onse analandira, ndipo anadzuka kudzatifupa, wina ndi kandalama, wina ndi chinangwa chowotcha. Monitora anatuluka misozi ya chisangalalo. Iye ankaona makolo okondwa ndi maphunziro. Ndikamukumbukira ataima pamenepo akuomba m'manja ndimapsa mtima, ngakhale ndikudziwa kuti sankatifunira zoipa. Akanangofunsa mayi mmodzi mwa amene anali pa mphasa kuti akululutira chiyani.

Pobwerera lole inatitsitsa pa mphambano, ndipo ine ndi amayi aakulu tinayenda wapansi kulowera kumudzi. Anandilanda katundu n'kusenza okha, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Munkagona padera ndi anyamata?" anandifunsa.

"Inde, amayi."

"Okulangizani anali akazi okhaokha?"

"Masana okha. M'mawa tinkakhala tonse."

"Anakuuzani za m'thupi?"

Ndinaweramitsa mutu. Tinafika pa mtengo wa mango pamene anthu amapumira, anatula katunduyo n'kumasula. Anatulutsa kathumba kaja, anatambasula kansalu kamodzi, anakatembenuza, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Izi sapatsa buthu," anatero. "Unakula liti?"

Ndinayesa kunama kuti anapatsa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, koma bodza la amayi silinkakhala bwino pakamwa panga. Amayi aakulu anaseka, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti kunali kuseka kwa chikondi.

"Usachite manyazi, mwanawe. Wakula, wabindikira kuthengo, akulanga, watuluka ndi nyimbo ndi chovala chatsopano. Chatsala n'chiyani? N'chinamwali cha boma, koma n'chinamwali ndithu. Mng'ono wangayo wapepukidwa, sanawononge ndi nkhuku yomwe."

Ndinawauza kuti sichinali chinamwali, kuti tinkamanga mfundo ndi kubzala mitengo. Anandiyankha kuti namwali wabwino saulula za ku tsimba, ndipo anandiyamikira. Titangolowa m'mudzi anayamba nthungululu. Amayi anatuluka m'nyumba atafunda kapulana, chitenje chawo, akugwira chitseko chifukwa cha kufooka. Anayang'ana mkulu wawo, anayang'ana malaya anga, kenako kathumba kaja kali m'manja mwa amayi aakulu. Sanandifunse kuti ndayenda bwanji. Anakhala pansi pakhonde.

Masiku otsatira amayi oyandikana nafe ankabwera ndi timphatso, wina sopo, wina kambale ka nyemba, kudzaona namwali. Ndinkawafotokozera mpaka kukhosi kuuma. Ndikamatsutsa kwambiri iwo ankagwedeza mitu kuti anamkungwi a boma amadziwa kutseka ana pakamwa. Amayi ankalandira mphatsozo ndi manja awiri, pakuti mphatso ya namwali sibwezedwa. Alendo akachoka ankaziponya pakona osaziyang'ananso.

Sukulu isanatsegulidwe n'komwe, njinga inaima kwa amalume. Wofunsirayo anali bambo wina wopikula nsomba zouma ku Amaramba n'kumakagulitsa ku Entre Lagos. Ndinkamudziwa, ankadutsa pamsewu ndi dengu lalikulu kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo dazi linali litayamba kale. Anatuma nkhoswe yake, ndipo amalume sanaibweze. Amayi anapita kukawadandaulira. Ine ndinawatsatira n'kuima kuseri kwa mpanda.

"Achimwene, mwanayu akadali pa shikola."

"Shikola ndi ya ana," amalume anayankha. "Mwandinamiza chaka chonse, mlongo wanga, ndakhala chete. Lero mudzi wonse ukudziwa kuti wakula ndipo watuluka. Akatenga mimba ya patchire, anthu adzaloza ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiyenera kumuonera pokhala munthu wabwino akadalipo."

Ndinathamangira kwa aphunzitsi kuti andithandize kupeza monitora, abwere adzanene yekha kuti kumatenti kunalibe chinamwali. Aphunzitsi anandiuza kuti a bungwe anapasula matenti n'kubwerera kwawo, ndipo akadzabweranso adzatenga ana ena. Anati lamulo limaletsa zimene amalume ankafuna, koma ananena akuyang'ana pawindo. Anali mlendo m'dera lathu, ndipo nyumba imene ankagona inali ya m'bale wawo wa amalume. Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi ukali. Anthu aja ananditenga, anandikweza pa chitsa, n'kundibweza pamoto iwo osadziwa n'komwe.

Tsiku limene nkhoswe inabwera kudzamva yankho, anakhala pakhonde la amalume m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Amalume ndi mlendoyo anali pa mipando, amayi ndi amayi aakulu pa mphasa. Ine anandituma kubweretsa madzi akumwa, kuti mlendo aone mayendedwe anga ndi kagwadidwe kanga. Ndinagwada, ndinapereka chikho, ndipo ndinayenera kubwerera chofutuka maso ali pansi. M'malo mwake ndinaimirira. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana amalume m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Amalume, ine banja sindikulifuna," ndinatero. "Ndikufuna shikola. Moyowu ndi wanga, ndipo simungandipereke kwa munthu ngati mbuzi."

Amayi aakulu anagwira pakamwa. Mlendo anasiya chikho m'malere. Amalume anatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke amayi anali atadzuka kale pa mphasa. Anandiwomba khofi limene linandizunguza mutu, ndipo ndinagwera pa chipupa. Amayi anali asanandimenyepo ngakhale ndi kamtengo.

"Mwaona, achimwene?" anatero. "Akulu, mwaona? Mumati wavinidwa. Mwana wovinidwa angaime njo pamaso pa amalume ake, maso ali tong'o? Kumatentiko amulanga chiyani? Amuphunzitsa chipongwe basi. Ameneyu mwambo sadziwa ngakhale pang'ono. Mukamupereka kwa eni ake lero, mawa lomwe adzatibwezera ndi manyazi, ndipo adzati mbumba yonseyi ndi yotere."

Anatembenukira kwa mlendo uja n'kugwada.

"Pepani, bambo, mwaona zonyansa. Ndalephera kulera ndine."

Mlendoyo anaika chikho pansi, anavala chipewa, n'kunena kuti akafotokoza kwa amene anamutuma. Sanabwerenso. Amayi aakulu, amene anali katswiri pa zimenezi, anavomera pamaso pa onse kuti analakwitsa, kuti tsimba lenileni silingatulutse chinthu chotere. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa amayi anga watukwana amalume ake, ndipo pachitsime amayi ena anayamba kuletsa ana awo kuyenda nane.

Ine ndinathawira m'munda wa chinangwa n'kukhala kumeneko tsaya likuyaka. Tsiku limenelo amayi ndinadana nawo. Ndinkayembekeza kuti m'mudzi monse iwo okha ndi amene aime nane, ndiye iwo omwewo anandichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Anandipeza madzulo atanyamula mbatata yophika. Sanapepese. Anakhala pa mzere wa chinangwa n'kundiuza kuti ndidye.

"Mawu ako aja akanakukwatitsa mawa," anatero. "Amalume ako akanalumbira pamaso pa mlendo, ndipo munthu wamkulu akalumbira sabwerera. Ndinawatsogolera."

Pamenepo m'pamene ndinamva chimene anachita, koma mtima sunatsike msanga. Ndinawafunsa ngati nkhaniyo yatha. Anapukusa mutu. Amalume anali atagamula kale kuti poti kwaoneka kuti sindinavinidwe ndipo ndine wamkulu, pa feriya yotsatira adzandiperekeza okha kwa anamkungwi, ndipo pa zimenezi anatemetsa nkhwangwa pamwala. Bodza lakale linali litatha, ndipo khofi silikanagwiranso ntchito kachiwiri. Ndikadzatuluka ku tsimba lenileni, njinga ina idzaima.

Amayi anali ndi mnzawo wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa ku Insaca, amene anakhala naye limodzi ku Malawi. Atangopezako mphamvu anapita kukamuona, ndipo anagwirizana kuti ndizikakhala kwa mayiyo, ndizimutungira madzi ndi kumulerera ana, masana ndizipita kusukulu. Kwa amalume anakanena kuti akundichotsa m'mudzi chifukwa cha manyazi, ndikaphunzire ulemu kwa eni ake. Amalume analola, akudziwa kuti sukulu ikatseka ndidzabwera.

Anandiperekeza kumsewu m'mawa. Katundu wanga anali wochepa, ndipo malaya a kumatenti aja ndinawasiya dala pa msomali. Tinaima nthawi yaitali kudikira shapa, minibasi ya kwathu, tikuyang'ana fumbi kumene galimoto imachokera. Itayamba kumveka patali, amayi analankhula osandiyang'ana.

"Pa feriya usabwere."

"Nanga ndikakhale kuti?"

"Komweko. Ndakambirana naye kale. Ukangoponda m'mudzi muno ng'oma zikulira, ine sindingathe kukulanditsa."

"Nanga pa Khirisimasi?"

"Usabwere. Akakutumira uthenga kuti ndadwala, usabwere, ukhoza kukhala msampha. Ine ndizibwera kumsika, uzindiona kumeneko."

Ndinayamba kulira, ndipo anandiuza kuti ndipukute misozi anthu a m'galimoto angandiseke. Anakweza katundu wanga, anauza wothandiza dalaivala pamene anditsitse, n'kutembenuka galimoto isananyamuke.

Anasunga mawu awo. Ankabwera ku Insaca akapeza chogulitsa, nandolo kapena chinangwa chouma, ndipo tinkacheza titaima pakati pa mabenchi a pamsika, iwo akuyang'anira dengu lawo, ine mwana wa eni ali kumbuyo. Ankandifunsa za mayeso ndi ngati ndikukhuta. Za kumudzi sankandiuza, koma ndinkamva kwa ena kuti amalume anasiya kuwalankhula ndipo anawadulira munda. Sukulu ikatseka anzanga ankakwera mashapa kupita kwawo, ine n'kumawaona ndili ndi ndowa pamutu. Ndinkawasowa amayi mpaka kudwala, ndipo kangapo ndinamanga katundu n'kumasulanso.

Sukulu ndinamaliza. M'nyumba ya amayi ndinakagonamonso pa maliro awo, pa mphasa, pakati pa amayi a m'mudzi.